Jakisoni Wopha Njala

Thupi ili sindinachite kuba. Ndinalipeza pampando wa sikelo, pa esiteti ya tiyi, pomwe ndakhala zaka zambiri ndikuyeza masamba amene othyola amabwera nawo. Anzanga ankauma ndi mitunda, ine ndili phee pashedi, kumeza mandasi ndi tiyi wamkaka. Anthu ankati mayi mukuoneka bwino, ine n'kumavomera, mpaka tsiku lomwe dokotala wa ku Blantyre anandiuza kuti shuga wayamba ndipo mawondo atopa kundinyamula. Mayi athu anapita kumanda ndi mwendo umodzi chifukwa cha shuga yemweyo, ndiye sindinatsutse.

Jakisoniyo anandipezera ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito m'tauni. Ndi kanthu konga cholembera, kumapeto kwake kuli kopotokola kamene kamalira kuti thethethe. Umadzibaya wekha pamimba kamodzi pa sabata. Dokotala anati tiyambe ndi muyezo wochepa, pakatha masabata anayi tikhoza kukweza, koma pokhapokha nseru itatha. Ngati mtima ukadali kunyansidwa ndidikire, palibe akundithamangitsa.

Sindinauze munthu. Ungayambire pati kuuza anthu a kulayini, kunyumba za antchito a pa esiteti, amene Febuluwale amawapeza akuphika nthochi zosakhwima, kuti iwe wapeza mankhwala oti usamamve njala? Ndinakakulunga m'kansalu n'kukabisa m'firiji, kuseri kwa mabotolo a madzi. Ngakhale achemwali anga, akulu anga a bere limodzi, amene amakhala cha ku Khonjeni n'kumathyola tiyi waganyu, sanadziwe kanthu.

Njala inachoka osatsanzika. Sindinkadziwa kuti moyo wanga wonse m'mutu mwanga munali kamawu kondikumbutsa za chakudya, mpaka pamene kanakhala chete. M'mawa wa chiperoni ndinkakhala pashedi, othyola akutuluka m'nkhungu mmodzimmodzi, madengu kumsana, osalankhula, ndipo m'mimba mwanga muli zii, m'mutu muli zii. Masiku ena ndinkadzitsina pamkono. Ndinkamva ngati ndinafa kale, kungoti palibe wabwera kudzandiuza. Mayi wa mandasi ankaima patsogolo panga ndi beseni lake, ine n'kumayang'ana mandasiwo ngati miyala ya mumsewu. Zinkandiopsa, ndisaname. Komatu siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, ndipo ndinkakondwa.

Loweruka lililonse, anthu akapita kokadya, ndinkakwera sikelo ya matumba kufakitale. Poyamba muvi unkabwerera m'mbuyo bwinobwino. Kenako unaima. Loweruka lotsatira, pomwepo. Ine ndine wa mtima wapachala, amene amandidziwa amadziwa. Ndinaimbira dokotala kuti masabata anayi anakwana kalekale, tikweze. Anafunsa za nseru, ndinavomera kuti m'mawa ndimadzukabe malovu atadzaza m'kamwa. Anati ndiye ndidikire masabata ena awiri. Ndinati chabwino adokotala, n'kudula foni, n'kupotokola kanthu kaja mpaka pa muyezo wachiwiri. Linali Lachiwiri. Lachinayi alamu anga, amuna a achemwali, anamwalira.

Anangodwala masiku atatu, mimba n'kutupa, basi. Kwathu kuno imfa yachangu chotere siikhala yopanda mwini wake. Ndipo Lamlungu lapitalo alamuwo anali atadutsa kunyumba kwanga, ndinawapatsa mpunga ndi nkhuku, ine n'kukhala pambali manja ali pamiyendo, osadya nawo. Iwo anakafotokoza zimenezo kwawo moseka, kuti mlamu wawo masiku ano amakhuta mphepo.

Titachoka kumanda, azimayi anatulutsa chakudya. Pamaliro sukana chakudya, ngakhale mwana amadziwa. Wokana, anthu amati wakhuta kale, ndipo nyama imene mfiti imakhuta pamaliro aliyense amaidziwa. Ndinakhala ndi achemwali ndi azimayi ena atatu pa mbale imodzi ya mgaiwa ndi nandolo. Ndinatema mbamu, ndinaikanda, ndinaiviika. Ndinaifikitsa pamlomo. Fungo la nandolo, amene ndakulira, linandikwera m'mphuno ngati la chinthu chovunda. Ndinaibweza m'mbale.

Achemwali sanadzutse mutu. Anangonong'ona kuti, "Idya, anthu akuona."

Ndinayesanso. Ndinameza, koma sizinakhale. Ndinathamangira kuseri kwa nthochi n'kusanza zonse, mpaka madzi achikasu. Pobwerera ndinapeza azimayi aja asunthira pamkeka wina. Mbale inali pomwe ndinaisiya, mbali yanga ili ndi zizindikiro za zala zanga, ndipo palibe anaikhudzanso. Pabwalo ponse panali anthu ambiri, koma zimene ndinkamva ndi kutafuna kokha.

Palibe ananditukwana, bola akananditukwana ndikanawayankha. Othyola ankakoloweka thumba pasikelo maso ali kumbali, osapereka moni. Ana a kulayini ankaitanidwa m'nyumba ndikamadutsa. M'mawa wina ndinapeza mchere utawazidwa pakhomo panga, mzere wowongoka bwino, ndipo ndinaulumpha ngati ndine wolakwadi. Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandidya ndi chakuti achemwali, amene anandibereka kumsana mayi akathyola tiyi, anasiya kuyankha foni yanga. Inkangolira mpaka kuduka yokha.

Ndinamva kuti pakatha mwezi akuchimuna abwera kudzawasudzula achemwali, kuwamasula ku ukwati wa malemu, ndipo kudzaphikidwa chakudya. Ndinati apa ndiye pomwe ndikadziyeretsere. Za kukweza kapena kutsitsa ndinazisiya, jakisoni yense ndinamuleka, dokotala osamuuza. Kanthu kaja ndinakachotsa m'firiji, kuopa aneba amene amadzasungitsa nsomba, n'kukaponya pansi pa chikwama changa. Sabata lachitatu njala inabwerera yonse, ndipo ndinailandira ngati m'bale.

Tsiku losudzula ndinadya, abale inu. Mbale ziwiri za mgaiwa, nyama ya nkhumba mpaka mafuta kutsika m'chigongono, makaka a chinangwa, thobwa makapu atatu. Ndinakhala dala pakati pa bwalo, ndikutafuna mokweza, ndikuitanitsa mchere. Anthu anasiya kudya n'kumandiyang'ana. Mumtima ndinkati onani, agalu inu, mfiti yanu ija ndi iyi. Ndinkaganiza kuti ndapambana.

Dzuwa lili pamutu achemwali anandikodola kuti ndilowe m'nyumba. M'katimo munali mdima ndi kuzizira. Dengu la malemu ndi pulasitiki imene ankamanga m'chiuno pothyola tiyi zinali zikadali pamsomali. Anatseka chitseko, n'kukhala pansi moyang'anana nane.

"Lero wadya bwino," anatero. "Ndinkawauza anthu kuti mng'ono wanga akudwala, n'chifukwa chake waonda, n'chifukwa chake anasanza. Tsopano aona okha kuti sukudwala. Nanga tsiku lija unali utakhuta chiyani?"

Mwezi wonse munthuyu ankanditchinjiriza ndi matenda, ine n'kubwera kudzawachotsa ndi mano anga omwe pamaso pa mudzi wonse.

Ndinakhuthula chikwama pansi, n'kumasula kansalu kaja. Ndinafotokoza zonse, za shuga, za mwendo wa mayi, za dokotala amene anati ndidikire ine n'kuchita makani. Ndinakweza bulauzi n'kuwaonetsa timadontho pamimba. Ndinalira, ndinapepesa chifukwa chowabisira. Iwo anatenga kanthuko n'kukatembenuza m'manja mwawo, manja akuda ndi utomoni wa tiyi, ong'ambika m'zala. Anapotokola pang'ono, kanalira kuti the, anadzidzimuka. Anafunsa kuti ukabaya kamodzi njala imachoka masiku angati. Ndinati sabata yathunthu. Anafunsanso ngati umakhala osaimva n'komwe, ngakhale pogona, ngakhale ena akudya pafupi nawe. Ndinati ngakhale pang'ono.

Ndinaona pankhope pawo kuti andikhulupirira, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anakakulunga bwinobwino m'kansalu kaja, monga timakulungira mbewu, n'kukaika m'dzanja langa.

"Usataye," anatero. "Udzabwere nako mu Febuluwale. Ndizidzadzibaya ine, ufa uzidzakwanira ana."

Sanali kunditonza. Ndikanakonda akananditonza.

Dokotala anandikalipira nditamuuza, n'kundiyambitsanso pa muyezo wochepa ndi cholembera chatsopano. Mwezi ndi mwezi amafunsa ngati ndakonzeka kukweza, ine ndimati tidikire kaye. Pamaliro ndimadya pang'ono, pang'onopang'ono, anthu akuona. Kwa achemwali ndimatumiza ufa ndi nandolo pa kabaza, ndipo ndinawauza kambirimbiri kuti mankhwala aja si a munthu woonda wogwira ntchito padzuwa, akhoza kuwagwetsa m'munda. Amavomera, amathokoza ufawo. Foni yanga tsopano amayankha. Dzulo anaimba okha, tinacheza za mvula ndi za ana, ndipo potsanzika anafunsa ngati kanthu kaja kakadalipo. Tili kumapeto kwa Januwale.