Tsiku Lopumitsa Zitsulo

M'dera lathu lino la kumpoto kwa mzinda wa Kolkata munatsala mmisiri mmodzi yekha wodziwa kukonza jukubokosi, a Haradhan Karmakar. Sizinalinso zoti munthu n'kunyada nazo, pakuti bokosi loti akonzelo linatsalanso limodzi lokha. Pa unyamata wawo mabokosi oimba amenewa anali mbwee m'malo omwera tiyi. Unkangoponyamo ndalama n'kudina batani, mkono wachitsulo n'kutola chimbale pamzere wa zinzake, kuchigoneka pa kathebulo kozungulira, basi nyimbo yayamba. Makaseti atabwera, eni mabokosi aja anawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha ngati mabeseni obooka. A Haradhan anatsala akukonza mafani ndi mawailesi, ntchito imene ankaigwira nkhope ili yokwinya.

Bokosi lotsalalo linali m'nyumba yomwera tiyi ya alamu awo, a Bhabesh. Amati ukaipa dziwa nyimbo. A Bhabesh anaipa, nyimbo osadziwa, koma anachenjera n'kukwatira woimba, Shefali, mlongo wawo wa a Haradhan. Shefali ankaimba m'maukwati, ndipo kamodzi kokha pa moyo wake anajambulitsa nyimbo pa zimbale zowerengeka, zimene zinatha kusweka ndi kusowa m'manyumba mwa anthu. Anamwalira akadali wamng'ono n'kusiya khanda, Jharna. Chimbale chimodzi chokha ndicho chinapulumuka, m'bokosi lija, ndipo mawu a mayi ake Jharna anawadziwira pamenepo. A Haradhan ankalikonza bokosilo ulere zaka zonsezi, koma poliyesa ankadina nyimbo ina iliyonse, ya mlongo wawo ayi. Wina akaidina, iwo ankatuluka kukasuta panja, chifukwa mtima sunkawalimba.

Tsiku limene ndikunenali linali la chikondwerero cha Bishwakarma, mulungu wa amisiri. A Haradhan anali atatsuka zipangizo zawo zonse m'mamawa, kuzipaka kadontho ka ufa wofiira, kuziyala patsogolo pa fano n'kuzifunditsa maluwa. Palibe mmisiri wokhudza chipangizo tsiku limeneli mpaka kutacha. Ena amangotsatira poti ndi mpata wopuma n'kuulutsa makaiti pa denga, koma kwa a Haradhan sizinali zamasewera. Bambo awo, amene anali osula zitsulo, anagwirapo nyundo tsiku lotere chifukwa cha munthu wina wokakamira, ndipo kuyambira pamenepo ankadya mpunga ndi zala zitatu.

A Haradhan anali atangokhala pakhonde pomwe Jharna anatulukira akuthamanga, wopanda nsapato, mayi wa ana awiri wathunthu.

"Amalume, tiyeni msanga! Amayi apanikizika m'bokosi!"

A Haradhan sanafunse zambiri. Anayang'ana zipangizo zija pansi pa maluwa, n'kutuluka chimanjamanja.

Fungo la waya wopsa linawachingamira pakhomo. A Bhabesh anali atathamangitsa omwa tiyi onse, ndipo anangoima kakasi, nthambo ya magetsi ili m'manja.

"Alamu, mwachitanso chiyani?"

"Ine? Ndangodina batani ngati m'mawa uliwonse."

"Lero? Wonyamula anthu pa njinga ya rikisho wapumitsa yake, wometa wapumitsa lumo, inu nokha ndiye muli ndi mulungu wanuwanu?"

"Kuimba si ntchito, alamu."

"Kwa inu si ntchito, poti simunaimbepo chibadwire. Patukani ndione."

Anagwada n'kusuzumira pagalasi. Mkono wachitsulo unali utatola chimbale cha Shefali koma sunachitulutse chonse. Chinali chitapendekeka, m'mphepete mwake mutakola kachitsulo kolekanitsa zimbale, ndipo chinali chitapindika ngati bisiketi imene mwana akufuna kuibenthula. Atatsegula chitseko cha kumbuyo, timasamba ta maluwa achikasu tinagwera pamaondo awo. Magiya onse anali psuu ndi ufa wofiira wosakaniza ndi mafuta ophikira, ndipo ulusi wa nkhata ya maluwa unali utakulungika m'mano a giya lalikulu.

"Ndani waika nkhata m'kati muno?"

Jharna anaweramitsa mutu. "Ndine, amalume. Chaka chilichonse timakongoletsa kunja kokha. Ndinati mtima wake wa bokosili nawonso udalitsidwe, poti ndiwo umasunga amayi."

Mawu okalipa anali atafika kale pa lilime, koma a Haradhan anawabweza. Mkwiyo wonsewo anautembenuzira kumene unazolowera kupita.

"Nanga fyuzi bwanji sinapse giya litakola? Alamu, ndikufunsa inu."

A Bhabesh anakanda m'mutu. "Inkangopsaipsa, ndiye ndinamangapo waya wokhuthala uja wa kopa. Aliyense amatero."

"Aliyense wake wopanda nzeru! Fyuzi imapsa dala kuti zina zisapse. Inu mwaimanga manja, mota n'kumangokoka mpaka kudzipsereza yokha. Mlongo wanga anakuonani chiyani inu?"

Ali mkati mokalipa, anaona Jharna akulowetsa dzanja m'bokosi, atagwira sizasi.

"Usadule!"

Anakuwa mwakuti sizasi inagwa pansi. Kenaka anatsitsa mawu n'kumuonetsa ndi chala. Kumbuyo kwa mkono uja kunali sipuling'i yonenepa, yokokeka mpaka pothera, imene inkafuna kuponyera mkonowo kutsogolo. Chimene chinkaletsa ndi ulusi womwewo umene unakola giya. "Ulusiwu ndi umene walakwitsa, ndiwonso wagwira," anatero. "Ukangoduka, mkono upita, chimbale chitsala chokola pa kachitsulo aka. Mayi ako tikawatola ndi tsache."

"Ndiye tidikire mawa, mudzabwere ndi zipangizo," anatero Jharna.

A Haradhan anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Kunja kunkamveka ng'oma ndi phokoso la oulutsa makaiti, koma m'bokosimo munamveka kena kakang'ono: thi. Kachingwe kamodzi ka ulusi uja kanali kataduka. Ulusi wa nkhata ndi woti ugwire maluwa tsiku limodzi, ndipo uwu unali utamwanso mafuta. Sukanafika ngakhale nthawi ya chakudya chamasana.

Njira yake ankaidziwa ngati njira ya kwawo. Unafunika kuchotsa kachivundikiro ka pambali pa mota, kupotoza kamtengo kake kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mkono n'kubwerera, chimbale n'kumasuka. Koma kachivundikiroko kanali komangidwa ndi masikulu, ndipo sikuludiraiva inali kunyumba, pansi pa maluwa.

"Ndithamange ndikaitenge, amalume?"

"Ayi."

"Alamu, mulungu amvetsa," anatero a Bhabesh. "Iyenso ndi mmisiri, amadziwa kuti ntchito ina sidikira."

"Bambo anga nawonso anatero."

"Ndiye mlongo wanu afe kachiwiri chifukwa cha sikuludiraiva?"

Mawu amenewa anawalasa a Haradhan pamtima. Mantha analipo, ndipo anali enieni, osati onamizira. Maso awo anayendayenda m'chipindamo mpaka anagwera pa kapu ya tiyi imene wina anaisiya pathebulo. Anasololamo supuni n'kuipukuta pa malaya.

"Ichi mwachipaka ufa wofiira m'mawa uno? Mwachiveka maluwa?"

"Supuni?" anadabwa a Bhabesh. "Ndani amaveka supuni maluwa?"

"Ndiye si chipangizo. Nonse mwamva, mukhale mboni."

Analowetsa chogwirira cha supuni mu mpata wa sikulu yoyamba. Inazungulira, nigwera m'manja mwawo. Yachiwiri inali itadyedwa ndi dzimbiri la mvula za zaka zambiri, ndipo supuni inangopindika. Anayesanso, thukuta lili kamukamu. Supuni inatereka n'kugunda chitsulo. Thi. Chimbale chija chinalira pang'ono, n'kupindikirapo.

Anataya supuni ija. "Nthawi yatha. Jharna, bwera kutsogolo kuno. Tsegula galasi, uike zikhatho mbali zonse ziwiri za chimbale. Usafinye, usakoke, ungochisamala ngati mutu wa khanda. Alamu, mukuona kachitsulo kokhota aka pa dzanja la mkonowu? Ndikanena kuti dinani, mudine ndi mphamvu zanu zonse, zala zake zitseguke. Ndisananene, musapume n'komwe."

"Nanga inu?"

"Ine ndilowa ndi manja. Manja sitinawaveke maluwa."

Anagona chammbali pansi, tsaya lili pa simenti, n'kulowetsa mkono wawo pansi pa mota, pa mpata woyenera dzanja la mwana. Chitsulo chinali chikadali chotentha ndipo chinawawaula pamkono, koma anangoluma mano. Zala zinapeza giya lalikulu lija, loterera ndi mafuta. Analikankha kubwerera m'mbuyo molimbana ndi sipuling'i. Linasuntha dzino limodzi.

"Chawongoka pang'ono, amalume!"

"Khala chete, ndikumva ndi zala."

Linasunthanso. Mkono wachitsulo unabwerera pang'ono, koma m'mphepete mwa chimbale munali mukadali mokola. Pankafunika kusuntha kwina kumodzi kokha. Chala chawo chachikulu chinatereka pa mafuta aja, giya linadumphira kutsogolo, ulusi unalandira kulemera konse nthawi imodzi, n'kuduka.

A Haradhan sanaganize. Pomwe mano a magiya awiri amakumana, anaponyapo chala chawo cholozera.

Giya linaima. Ululu unakwera mkono wonse mpaka m'mano, ndipo m'maso munachita mdima.

"Dinani, alamu! Dinani! Jharna, kankhira m'kati kaye, kenaka kweza. Pang'onopang'ono, mwanangu, usathamange, ine ndili bwino."

Sanali bwino. Ankamva chikhadabo chikung'ambika. Koma anamvanso kachitsulo kakutseguka, kenaka kupuma kwa Jharna, kenaka mapazi ake akubwerera m'mbuyo.

"Atuluka! Amalume, amayi atuluka!"

A Bhabesh anakumbatira mkono wachitsulo uja n'kuukokera m'mbuyo mpaka chala chinamasuka. Atausiya, unadziponya kutsogolo n'kumenya kachitsulo kaja ndi phokoso lalikulu, pamalo pomwe panali chimbale.

Chala chinali chosayang'anika. Jharna anachitsuka, kuchithira ufa wachikasu wa kukhitchini, n'kuchimanga ndi nsalu imene anang'amba ku sari, chovala chake, misozi ili chuchuchu. A Haradhan anadziwa okha kuti chala chimenecho sichidzagwiranso sikulu yaing'ono. A Bhabesh anakhala pansi pafupi nawo.

"Mulungu wanuyu ndi wouma mtima, alamu. Supuni yokhayo?"

"Kwa bambo anatenga ziwiri. Ine wandikomera mtima."

Jharna anali atanyamula chimbale chija n'kumachipendeketsa pa kuwala kwa pawindo. Sichinasweke, koma m'mphepete munali mkwasa woyera pomwe chinakola.

"Kodi aimbanso, amalume?"

Mota inali itapsa, ndipo ina yotere kuipeza n'kovuta. Ngakhale ikanakhala yamoyo, tsiku limenelo palibe akanayerekezanso kulumikiza magetsi. A Haradhan anayang'ana khomo, kumene ankathawira nthawi zonse. Kenaka anayang'ana nkhope ya mwanayo, nadzuka.

Anachotsa lamba wa kathebulo kozungulira kuti kamasuke, anagonekapo chimbale, n'kutsitsa singano ndi dzanja lamanzere. "Bweretsani makutu pafupi," anatero. "Singano imaimba yokha, kungoti mawu ake ndi ochepa." Anaika chala chapakati pa pepala la pakati pa chimbale n'kuyamba kuzunguza.

Panamveka kukanda, kenaka kugunda kwa mkwasa uja, kamodzi, kawiri, katatu. Singano inadumpha n'kukhazikika. Mitu itatu inagundana pamwamba pa kathebuloko. Ndipo kuchokera pansonga ya singano, mawu ang'onoang'ono ngati a munthu woimbira m'chipinda china anayamba kutuluka, akukwera ndi kutsika motsatira kunjenjemera kwa dzanja.

Anali Shefali. A Haradhan anali asanamumve chimuikireni pa nkhuni zowotchera maliro kumtsinje.

"Mukumuchedwetsa, alamu," ananong'ona a Bhabesh.

"Msiyeni. Ankathamanga kwambiri ameneyu, mpaka kutisiya tonse."

Magazi anali atayamba kudutsa pa nsalu ija, ndipo dzanja linayamba kulemera. Nyimbo inatsika, n'kuyamba kukokeka. Jharna anagwira mkono wawo osachotsa khutu pa singano.

"Musasiye, amalume. Sanamalize."

A Haradhan anapukuta maso ndi phewa, napitiriza kuzunguza.