Effie ndi Siteshoni Yopanda Anthu

Inu amene mwatopa ndipo mukuganiza zongosiya zonse, tamvani za Effie. Ine nkhaniyi imandipsetsabe mtima mpaka lero, ndipo sindibisa.

Loweruka lina m'chaka cha 2001, Effie ananyamula beseni lodzadza mandasi ndi masamusa osagulidwa n'kukakhuthulira m'bini, kuseri kwa kashopu kake pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Wembley Park ku London. Sanalire. Anangomenya biniyo ndi phazi mpaka chala chinatupa.

Kashopuko anakatenga kwa bambo Chisenga, mkulu wa mpingo wochokera ku Zambia, amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Effie anali atasiya ntchito yosamalira okalamba chifukwa msana unali utakana. Zonse zimene anasunga anaziika m'kashopuko, moti kugwa kwake kukanamubweza ku Mulanje chimanjamanja.

"Mwana wanga, apa ni pa golide," anatero bambo Chisenga pomupatsa makiyi. "Siku ya bola ma train yabwela full. Uzachita kulema kugulitsa."

Effie anali atamva mphekesera zoti bwalo lalikulu la mpira la pamenepo alitseka. Funso linafika pakamwa, koma analimeza. Mwana woleredwa bwino safunsa munthu wamkulu kawiri, kuli ngati kumutcha wabodza. Analandira makiyi ndi manja awiri, n'kupinda bondo, n'kuthokoza.

Bwalolo linali litatsekedwadi, likudikira kugwetsedwa. Bambo aja ankadziwa bwino lomwe. Anamugulitsa mwana wa eni khamu la anthu lomwe silidzabwera kwa zaka, Lamlungu lake n'kukaima kutsogolo kutsogolera nyimbo. Ena manyazi anawasiya pabwalo la ndege!

Amayi a kutchalitchi anangoti, "Akhululukire, ndi akuluakulu." Marjorie, mkulu wake wa Effie amene anali namwino ku Edmonton, mu London momwemo, sanazungulire.

"Tseka basi, iwe. Pita ku agency yopezera anthu ntchito, ma shift alipo. Ukudikira chani, ma ghost?"

"Achemwali, ndikatseka ndiye kuti bambo aja awina kawiri," anayankha Effie. "Sinditseka."

Musaganize kuti chinamugwira ndi chikhulupiriro. Unali ukali weniweni. Ukaliwo unkamudzutsa m'mawa uliwonse n'kukamuimika pakhomo la siteshoni, nkhope ili gwa, akuyang'ana anthu amene ankamudutsa ngati mtengo.

Kuyang'ana mokwiyako n'kumene kunamutsegula maso. Anaona kuti anthu a sitima sabwera mwachisawawa. A m'mawa amalowa siteshoni akuthamanga, ndipo safuna moni wautali. Iye ankawafunsa za kunyumba ngati ali pa msika wa Chitakale, munthu sitima ikumusiya! A madzulo amatuluka pang'onopang'ono, ali ndi njala. Kukagwa mvula, oyenda pansi amathawira m'sitima. Sukulu zikatsekera, mabogi amapepuka. Ndipo Loweruka, lomwe kwathu ndi tsiku la msika, kuno nthawi zina njanji amaitseka kuti aikonze, siteshoni n'kukhala zii.

Anazolowerana ndi mayi wina woyang'anira pageti la matikiti, ndipo ankamufunsa za masiku otseka njanji. Nthawi ino ankafunsa kawiri, katatu, osachita manyazi.

Anasiya kukazinga mandasi ongotaya. M'mawa khofi ankakhala ali kale m'kapu, moni wake mawu amodzi. Tsiku la mvula ankapachika maambulera pakhomo. Sanalemere, ayi. Nyengo yozizira ina anaitha ndi nsapato yobooka, zala za m'manja zitang'ambika ndi chisanu. Koma kashopu sikanatsekedwe.

Kenako anayamba kuona anthu achilendo akutsika sitima zoyambirira: amuna ovala majekete achikasu ndi zipewa zolimba. Anali omanga bwalo latsopano. Eni mashopu ena ankangodandaula za fumbi, ena n'kusamuka. Effie anaona mimba zanjala zikutsika sitima tsiku ndi tsiku, osati tsiku la mpira lokha. Anayamba kutsegula molawirira, tiyi wothina ndi mabanzi a mazira zili zokonzeka, masana mpunga wa nyemba wotentha.

Ntchito yomanga itachedwa, tsiku lotsegulira n'kumangosunthidwa, mzinda wonse unkang'ung'udza. Effie yekha ankangothira tiyi. Anali atamvetsa kuti sitima imadzadza chifukwa cha zimene zili pafupi ndi siteshoni: ntchito, masukulu, nyumba, zochitika. Akaona nyumba zosanja zikukwera chapafupi, ankadziwa kuti akubwera ena.

M'chaka cha 2007 bwalo linatsegulidwa. Tsiku la mpira woyamba waukulu, masitepe a siteshoni sankaoneka chifukwa cha anthu. Effie anali atagumula khoma n'kukulitsa shopu, ndipo Marjorie yemwe uja anapempha tchuthi kuchipatala kuti adzathandize kugulitsa. Mzere unafika kumsewu.

Pakati pa phokosolo, munthu wina anadutsa mzere wonse n'kudzaima kutsogolo, atavala suti, akumwetulira. Anali bambo Chisenga.

"Mwana wanga! Sininakuuze kuti ni pa golide? Manje tikambe za partnership. Si ndine n'nakupasa malo?"

Magazi anamuwira Effie. Anakumbukira zaka zonse za chisanu, ndipo mawu amene anabwera pakamwa sanali a kutchalitchi. Marjorie anamugwira mkono. Effie anapukuta manja pa epuloni, n'kuwayang'ana bambowo m'maso, chinthu chimene kale sakanayerekeza.

"Bambo, ulemu wanu ndikupatsani," anatero mokweza kuti amve onse. "Koma ngati mukufuna tiyi, queue ikuyambira uko."

Bambo Chisenga anatembenuka kuyang'ana mzerewo. Mathero ake sankaoneka.

Inu amene anakupusitsani chifukwa cha ulemu wanu, musalole wina akuuzeni kuti kukwiya n'kulakwa. Kwiyani ndithu. Koma ukaliwo musaugonere pabedi. Dzukani nawo, mukaime pomwe anakugwetsanipo, mutsegule maso, muphunzire kumene anthu akuchokera ndi kumene akupita. Funsani, ngakhale wofunsidwayo ali ndi imvi. Mtima wanuwo musautaye, ndipo chitseko musatseke.