Usipa M'chipinda cha Malemu

Amuna anga atamwalira, achibale anabwera kudzagawana zovala zawo monga mwa mwambo. Malaya, mathalauza, nsapato, zonse zinapita. Koma jekete limodzi ndinalibisa pansi pa matiresi, ndipo atandifunsa ndinanama osaphethira n'komwe. Linali ndi fungo lawo, la thukuta ndi utsi wa injini ya boti. Sindinalichape. Ndinalipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, m'nyumba yathu ku Senga Bay, ndipo mtima ukandiwawa ndinkakalinunkhiza.

Mwana wanga wamkazi atabereka mapasa ku Lilongwe, anandiitana kuti ndikamuthandize. Jeketelo sindikanapita nalo, akanaliona n'kudziwa bodza langa. Za kuikamo anthu a lendi ndinakanitsitsa. Ndinkafuna munthu wongoyang'anira nyumba: kusesa pabwalo, kuona chiswe, kuona ngati denga likudontha, basi.

Mkulu wina wa mpingo wathu ndiye anandibweretsera bambo wina wovala yunifomu ya buluu, chipewa ndi baji pachifuwa. Bamboyo anati ali ndi kampani yoyang'anira nyumba za anthu a m'tauni zimene zili m'mbali mwa nyanja. Pakamwa pake panali posalala.

Nditamuuza mwana wanga pa foni, anayamba mafunso. "Amayi, mapepala awo mwawaona? Kampaniyo inalembetsedwa kuboma? Ofesi yawo ili pati?"

Ndinapsa mtima. "Iwe, munthu wabwera ndi akulu a mpingo ndimufunse mapepala ngati mbava? Ulemu unausiya kuti?"

Kwathu kuno kufufuza munthu amene wakubweretserani wamkulu n'kunyoza wamkuluyo. Ndinapereka makiyi ndi manja awiri, n'kugwada komwe.

Loweruka lililonse bamboyo ankanditumizira chithunzi pa foni: pabwalo posesa bwino, loko ali pachitseko. Ndinkamuonetsa mwana wanga modzitama. Sindinadabwe ngakhale kamodzi kuti zithunzi zonsezo zinali za kumaso kwa nyumba kokha.

Patapita miyezi inayi ndinabwera ku maliro kwa Maganga, ndipo pobwerera ndinati ndingodutsa kunyumba osauza munthu. Ndinatsika pa kabaza dzuwa lili paliwombo. Kumaso kunali ngati pa chithunzi pomwe paja. Koma mphuno yanga inandiuza zina.

Ndinazungulira kuseri. Pamene panali dimba langa la mpiru panali mathandala oyanikapo nsomba, usipa uli mbuu. Amayi atatu amene sindinawaonepo chibadwire ankautembenuza. Mmodzi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ngati mukufuna kugula, mayi, wa lero sunaume. Lowani m'nyumbamo musankhe wa dzulo."

Kundiuza ine kuti ndilowe m'nyumba mwanga!

Chitseko cha kuseri chinali chozula. Pabalaza matumba a usipa anafika kudenga, ntchentche zili ng'aa. Ndinathamangira kuchipinda. Bedi lathu anali ataliimika kukhoma. Jekete lija wina analiyala pa thumba lotsegula kuti ntchentche zisalowe, ndipo mafuta a nsomba anali atalowerera mpaka m'kolala.

Ndinakuwa moti anthu a nyumba zoyandikana anathamanga poganiza kuti kwagwa maliro. Amayi aja nawo anangoti kukamwa yasa. Kenako anandifotokozera kuti bambo wa yunifomu uja anawauza kuti nyumbayo ndi ya azakhali ake amene anasamuka osabweranso, ndipo iwo ankasungamo nsomba podikira galimoto za ku tauni. Ndinamuimbira. Foni inali yozima, ndipo siinayakenso.

Kupolisi anandifunsa dzina lenileni la kampani ndi chiphaso chake. Ine n'kuwaonetsa zithunzi za chitseko changa chomwe. Wapolisiyo anandifotokozera mofatsa kuti makampani enieni amakhala ndi satifiketi ndi ofesi, antchito awo amafufuzidwa mbiri, ndipo pakalakwika pamakhala womugwira. Yunifomu, anatero, telala aliyense amasoka. Manyazi anandigwira ngati mwana wa sukulu woiwala kope. Mkulu wa mpingo uja nditamupeza anangozyolika. "Inenso, mayi, ndinangomuona akupemphera bwino."

Sabata yathunthu ndinakolopa, kutsuka makoma, kuyanika matiresi. Jeketelo ndinalisiya pambali masiku onsewo, ndikudzinamiza kuti mphepo ilikonza. Mphaka wa aneba atayamba kulizungulira ndinagonja. Ndinaliviika m'beseni, n'kulichapa ndi sopo katatu, ndikulira ngati maliro agwa tsiku lomwelo. Litauma ndinakanikiza nkhope yanga m'kolala n'kukoka mpweya wonse. Fungo la usipa linali litachoka. La amuna anga linachoka nalo limodzi.