Loko Wanga

Amuna anga adali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namitete, ine ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo. Adalinso ndi ntchito ina imene ankaigwira mwakachetechete. Matenanti akalakwiridwa ankabwera kwa iwo, ndiye iwo ankalemba madandaulowo pafoni n'kutumiza kwa mayi wina wa bungwe lothandiza anthu ogwira ntchito m'minda, ku tauni.

Mayiyo adafikapo kwathu kamodzi. Adabwera pagalimoto, nsapato zake zosadziwa matope. Thobwa limene ndidamupatsa adangomwa theka, nthawi yonseyo akuseka ndi amuna anga m'Chingerezi. Ndidamuda kuyambira tsiku lomwelo, ndipo sindibisa.

M'mawa wina amuna anga adasiya foni pamphasa, iwo ali kubafa. Ndidaitola. Mauthenga opita kwa mayiyo adalimo ambirimbiri, koma osawerengeka: zilembo ndi manambala zosakanikirana ngati nyemba zotayikira mumchenga. Atatuluka adandipeza nditaigwira.

Sadakalipe. Adakhala pansi n'kundifotokozera kuti mayiyo ali ndi makiyi awiri a pakompyuta. Mmodzi ali ngati loko wotsekula amene amagawira aliyense wofuna kumulembera, ndipo ukalemba umakhoma ndi lokoyo. Winayo ndiye kiyi weniweni, amakhala ndi mwini wake yekha. Adati m'mauthengamo muli maina a matenanti, ndipo bwana atawaona, mabanjawo angathamangitsidwe katundu ali pamutu.

Ndidati ngati zili choncho atsekule umodzi ndiwerenge.

"Sindingathe, mayi," adatero. "Ndikakhoma ndi loko wawo, ngakhale ine wolembane sinditsekulanso. Ndidachita dala kuti pafoni pangapa pasamatsale kanthu kowerengeka."

Iwo ankayesa akundikhazika mtima pansi, koma apo m'pamene moto udakolera. Ndiye kuti padali mawu otuluka mumtima mwa amuna anga amene mkazi mmodzi yekha padziko lonse akadatha kuwamva, ndipo mkaziyo sadali ine. Bola ndikadapeza kalata yachikondi, ndikadadziwa chokalipira.

Ndidawauza kuti nanenso ndikufuna loko wanga. Adaseka mpaka kutsokomola, koma adandipangira pafoni yanga. Lokoyo adamutumiza ku foni yawo, kiyi adatsala kwa ine. Adandichenjeza kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ndikadzamufufuta kiyiyo palibe katswiri amene angapangenso wofanana naye.

Ndidayamba kudikira. Foni ikalira ndinkasiya nsalu pamakina n'kuyang'ana msangamsanga, koma ankakhala makasitomala ofunsa za madiresi awo. Fodya adathyoledwa, adauma m'zigafa, adamangidwa mabelo, kwa ine zii. Nditawafunsa adati tigona nyumba imodzi, tidyera mbale imodzi, nanga alembenso chiyani? Chonsecho wa ku tauni uja ankalandira katatu pa sabata.

Lamlungu lina masana ndidawaona pansi pa mtengo wa mango akulemba pafoni nthawi yaitali, akumwetulira okha. Sindikudziwa chimene chinkawasangalatsa, mwina sichidali kanthu. Ndidalowa m'nyumba, ndidatenga foni yanga, n'kufufuta kiyi uja pamodzi ndi zonse zimene adandiikira. Mtima udapola pang'ono. Sindidawauze, ndipo iwo sadafunse.

Patatha zaka ziwiri adadwala, adagonekedwa kuchipatala, ine ndikuwadikirira. Tsiku lina ndidabwerera kunyumba kukachapa zovala zawo. Ndili m'minibasi foni idalira. Udali uthenga wochokera kwa iwo, wautali, ndimati ndikatsitsa ndi chala osatha. Wonsewo udali zilembo ndi manambala osakanikirana aja.

Nditabwerera ndidawapeza atafooka kwambiri. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adafunsa motsitsa mawu, "Mwawerenga, eti?"

"Ndawerenga," ndidanama.

"Basi. Zimenezo pakamwa zinkandikanika."

Ndidafuna kuulula, koma nkhope yawo idali itamasuka ngati munthu amene watula mtolo, ndiye ndidaopa kuwasenzetsanso. Ndidati ndiwauza akapezako bwino. Adamwalira patatha masiku atatu.

Maliro atatha ndidameza manyazi, ndidakwera minibasi kupita ku tauni kukamufuna mayi uja. Ndidaganiza kuti poti zinthuzi ndi zawo, sangalephere. Adandilandira bwino, zomwe zidandinyansanso. Adayang'ana uthengawo pafoni yanga, adafunsa ngati kiyi ndidamusungako pena, pa memori khadi kapena pa foni ina. Ndidapukusa mutu.

"Pepani amayi," adatero. "Uwu adakhoma ndi loko wanu. Palibe wina amene akadautsekula kupatula inuyo."

Mawu amenewo ndidawalakalaka zaka zonse zija, ndipo adandipeza ndilibe nawo ntchito.

Pofuna kunditonthoza adati za m'mauthenga amene amuna anga ankamutumizira sangandionetse chifukwa cha maina a anthu, koma adandilumbirira kuti mudali nkhani za sikelo, za chakudya cha matenanti ndi za ana osiya sukulu, basi. Ndidamukhulupirira. Sizidandithandize kanthu.

Foniyo idafa kalekale, koma isadafe ndidakopera uthengawo m'kope, chilembo ndi chilembo, masamba anayi. Kopelo lili m'kabati ya makina anga osokera. Nthawi zina ndimalitsekula n'kumayang'ana pamene zilembo zachulukana, n'kumaganiza kuti mwina apa m'pamene adapepesa, mwina apa m'pamene adanditchula dzina.

Mayi uja ndimamvabe kuti ali moyo ku tauniko, ndipo nsanje yanga pa iye sidathe. Iye zonse zimene amuna anga adamulembera adawerenga.