A Lumo ndi Jakisoni wa Miyezi Itatu

Amuna ambiri a m'parishi muno anakhalapo pampando wa a Lumo, nsalu ili m'khosi. Dzinali linayamba ngati nthabwala, koma anakalamba nalo mpaka bambo mfumu ankawaitana choncho. Anakula ali mwana wamasiye kwa amalume awo amene anali wometa, ndipo kumeneko anaphunzira kunola lumo ndi kupemphera korona. Atakwatira anatsegula kachipinda kawo pafupi ndi pokwerera mabasi, ka mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi mtanda pamwamba pa chitseko. Loweruka masana, pamene anzawo ankalimbirana makasitomala, iwo ankatseka n'kupita kuchipatala kukameta odwala ulere. Ankakonda kunena kuti, "Munthu asakaonekere kwa Mulungu tsitsi lili nyankhalala."

Ali ndi zaka 62 anayamba kuvutika pokodza. Anabisa chaka chathunthu, monga amachitira amuna, mpaka tsiku lina mkodzo unatsekeka. Dokotala anapeza khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Anawafotokozera kuti khansayi imakula ndi mphamvu yachimuna ya m'thupi, ndiye azibayidwa jakisoni miyezi itatu iliyonse wozimitsa mphamvuyo. A Lumo anagwedeza mutu, osadziwa chimene akuvomera.

Ukanakhala ululu wokha akanapirira. Koma thupi linkangotentha mwadzidzidzi ali pakati pometa munthu, thukuta n'kunyowetsa malaya onse. Mabere anatupa. Misozi inkabwera yokha, ngakhale pa Misa, anthu n'kumacheuka. Ndipo kuchipinda, kwa mkazi amene anakhala naye zaka 35, thupi linangoti zii. Anayamba kumanga pachifuwa ndi bandeji, kuvala jekete dzuwa likuswa mtengo, kusamba atakhoma chitseko. Tsiku lina kasitomala wosasamala pakamwa anati, "A Lumo, mwayamba kuyamwitsa kodi?" Anaseka nawo, anamaliza kumumeta, kenako anatseka kachipindako masiku atatu.

Masiku amenewo pemphero lawo linali limodzi: "Ambuye, munandilenga mwamuna. Ngati mukunditenga, nditengeni, koma musandiseketse chonchi." Yankho silinabwere. Anafika poopa galasi lawo lomwe, munthu amene moyo wake wonse anaimirira patsogolo pa galasi.

Apa ndi pamene analakwa, ndipo sitikubisa chifukwa eniake pambuyo pake sankabisa. Tsiku la jakisoni ankavala bwinobwino, kutenga khadi lakuchipatala, kutsanzika, n'kupita kutchalitchi. Ankakhala pa benchi yakumbuyo maola anayi, nthawi imene munthu amatha pamzere wakuchipatala, n'kubwerera kunyumba akutsimphina ngati wabayidwadi. Ankadzinyenga kuti poti akhala m'nyumba ya Mulungu, si bodza kwenikweni. Anadumpha jakisoni kawiri. Thukuta linachepa, iwo n'kumathokoza Mulungu, pamene khansa inali kulowa m'mafupa mwakachetechete.

Ulendo wachitatu unagwera tsiku limene mkazi wawo anasinthana ndi mnzake ntchito yosesa m'tchalitchi. Mayiwo anawaona, anatsamiritsa tsache kukhoma, anakhala pambali pawo n'kusolola khadi m'thumba la jekete. Malo a siginecha ya namwino anali oyera.

"Abambo, chipatala chinasamukira muno?"

A Lumo anayang'ana pansi. Kenako anati, "Mayi, jakisoni uja wandimaliza. Sindinenso mwamuna wanu. M'nyumba muja mukukhala ndi mchemwali wanu."

"Ndiye mwaona kuti bola ndikhale wamasiye?"

"Ndimafuna ndife ndili munthu."

"Munandifunsa ine chimene ndikufuna? Mwakhala mukukambirana ndi Mulungu nkhani ya banja langa, ine mwini ndili kunyumba ndikukuphikirani?"

Analira onse awiri pa benchi paja. Tsache linatsala pomwepo, iwo n'kukwera basi yopita kuchipatala.

Dokotala sanawanamize. Khansa inali itafika mumsana, ndipo jakisoni akanangoichedwetsa. Mawu amenewo anawapweteka a Lumo kuposa matenda, chifukwa anadziwa kuti zaka zimene atayazo sizinali zawo okha. Anakalapa, anayambiranso kubayidwa, ndipo thukuta, misozi ndi zonse zija zinabwerera. Panali masiku amene ankakhala pa bedi osatha kudzuka, akungoti, "Ambuye, ndatopa." Mkazi wawo ankawapukuta ndi thaulo n'kupitiriza korona pamene iwo alekezera.

Koma bandeji ija anaitaya, ndipo kametedwe kawo kanasintha. Akakhala pampando mwamuna wa imvi, ankamumeta mbali imodzi ya mutu, n'kuzimitsa makina ometera, n'kufunsa, "Akulu, mumakodza bwanji?" Palibe amathawa mutu uli theka. Ankamuuza zonse, za mabere, za kuchipinda, za benchi yakumbuyo, ndipo makina sankayakanso mpaka munthuyo atalonjeza kukayezetsa. Ena anakwiya osabweranso. Ena ali pakati pathu lero, akudziwa okha, chifukwa madokotala anapeza matendawo msanga.

Mulungu anawapatsa a Lumo zaka zina zitatu. Miyendo itakana anagona kunyumba, ana ndi zidzukulu zikusinthana kuwatembenuza. M'mawa wa tsiku lomaliza, bambo mfumu atawadzoza mafuta a odwala, anapempha onse atuluke, atsale ndi mkazi wawo. Nkhawa imene inawadya zaka zonsezo inali isanawachoke.

"Mayi, ndakusowetsani mwamuna nthawi yaitali. Mundikhululukire."

Mayiwo anawakonzera pilo n'kunena kuti, "Mwamuna ndinamusowa miyezi imene munkandinamiza ija basi. Masiku ena onsewa ndinali naye."

A Lumo anatseka maso, nkhope yawo inamasuka, ndipo anamwalira dzuwa lisanafike pamutu. Tiwakumbukire pa Misa, ndipo amuna inu mupite mukayezetse.