Nambala ya pa Yunifolomu

Mayi osoka zovala pakhonde la sitolo aja satchula dzina la mwamuna amene anasiyana naye. Amangoti "amesenjala aja," uku ataluma singano.

Bamboyo atamwalira, mkazi wake wachiwiri anabwera akulira. Ku ofesi ya penshoni ankafuna nambala ya ntchito ya malemu, koma mapepala anali atasowa. Mayiwo anafunditsa makina nsalu n'kumuperekeza. Nambalayo anaitchula pamtima, poti anaisokerera pa yunifolomu zaka makumi awiri.

Kalaliki atayang'ana mufayilo anati kwa mayi osokawo, "Mayi, nanunso muli ndi gawo lanu. Musaina?"

Wamasiyeyo anagwetsa nkhope. Mayi osokawo anapukuta magalasi, osapupuluma.

"Bweretsani cholemberacho. Mwamunayo ndinakusiyirani, achemwali, koma zaka zangazo sindinasiyire munthu."