Sitalaka ya Nkhuku ku Makwasha

Ku Makwasha kuli madala ena amene ntchito ya mumgodi anaisiya kalekale, koma ukapitawo sunawachoke m'magazi. Masiku ano amalamulira nkhuku zisanu. Khola amalitcha komboni, kuikira mazira amati shifiti, ndipo m'mawa uliwonse amaima pakhomo pa kholalo, manja kumbuyo, n'kumaitana mathadzi mayina ngati anthu okalowa pansi.

Chaka chatha, dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo, mazira anasowa sabata ziwiri zathunthu. Madalawo anati imeneyo ndi sitalaka. Mpongozi wawo Enelesi, mkazi wa mwana wawo, yemwe iwo amamuitana kuti muroora, anali ndi maganizo ena.

"Bambo, thadzi lofiira lija lakalamba. Lamlungu likubwerali tingolidya basi."

"Iyayi, muroora. Wantchito sitimuchotsa tisanamve dandaulo lake."

Madalawo anagwada ndi mawondo awo ovutawo n'kukwawira m'kholamo, ndipo anatuluka akudzikanda mikono. Zisa zonse zinali utitiri wokhawokha. Anatentha udzu wakalewo, nawaza phulusa paliponse. Kenako analondola thadzi lofiira lija mwakachetechete mpaka kuseri kwa bafa, kumene chisoti chawo cha mumgodi chinali chagada pamulu wa nkhuni. M'menemo munali mazira asanu ndi anayi.

"Mwaona? Sizinakane ntchito izi. Zinangothawa komboni yoipa."

Enelesi atafuna kuchotsa chisoticho kuti achitsuke, madalawo anamugwira dzanja.

"Chisiyeni pomwepo. Chinasunga mutu wanga zaka makumi atatu pansi pa nthaka. Ndiye chingalephere mazira?"